Kumaunta disiki ndi systemd kuti mafayilo asasowe seva ikayakanso

Funso la disiki yachiwiri pa seva ya Linux limabwera mofanana, kaya likuchokera kwa woyang'anira seva ya pasukulu kapena wa ofesi ya anthu khumi: "Ndinaika disiki yachiwiri, zonse zinkayenda bwino, koma magetsi atazima n'kuyakanso, mufoda muja muli zii." Wina amabwera ndi dandaulo looneka ngati lina: "Disiki ya root yadzaza, koma sindikupeza chimene chaidzaza." Disiki ya root ndi ija imene muli Linux yeniyeniyo. Kawirikawiri awiriwa akudwala nthenda imodzi. Ndayankha mafunsowa kambirimbiri, ndiye ndalemba yankho lonse pano kuti wina akafunsanso ndizingomulozera.

Poyamba timvane mawu. Pa Linux disiki ilibe chilembo chakechake monga D: kapena E: ya pa Windows. Imalumikizidwa ku foda imene mwasankha, ndipo mukalowa mufodamo mumaona za mudisikiyo. Kulumikizako ndi kumene timati kumaunta, ndipo fodayo ndiyo mount point. Disiki ikachoka foda sichoka nayo. Imatsala pomwepo yopanda kanthu, ndipo pulogalamu iliyonse ikhoza kulembamo. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa sitepe 6 yonse yatsamira pamenepo.

Amene amagwira ntchito yomaunta masiku ano ndi systemd, pulogalamu yoyamba imene kernel, mtima wa Linux, imadzutsa kompyuta ikayaka, imene imadzutsa zina zonse motsatana. Lennart Poettering ndi Kay Sievers anaitulutsa mu 2010, Fedora 15 inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2011, ndipo Debian 8 ndi Ubuntu 15.04 zinatsatira mu 2015. Malangizo ambiri amene mungawapeze analembedwa izi zisanachitike, n'chifukwa chake amangokuuzani kuti "lembani mzere mu /etc/fstab" n'kuthera pomwepo. Fayilo imeneyo, imene ndi mndandanda wa madisiki oyenera kumauntidwa, ikugwirabe ntchito, koma tsopano systemd imaiwerenga ndi kusandutsa mzere uliwonse kukhala unit, kutanthauza kafayilo kofotokoza chinthu chimodzi chimene systemd ikuyang'anira. Ife tilemba unit yotero ndi manja athu.

Chitsanzo chathu ndi seva ya Debian kapena Ubuntu yogawira anthu mafayilo kudzera pa Samba, yokhala ndi disiki yachiwiri ya ext4 (mtundu wa file system, kutanthauza kasanjidwe ka mafayilo pa disiki) imene tikufuna izioneka pa /srv/zosunga.

1. Pezani UUID ya disiki

```
lsblk -f
```

Muona madisiki onse, mtundu wa file system ya iliyonse, ndi nambala yaitali ya UUID. Koperani nambalayo. Musagwiritse ntchito dzina ngati /dev/sdb1. Mayina amenewa amaperekedwa molingana ndi disiki imene kernel yayamba kuiona, choncho wina akaiwala fulashi pa USB seva n'kuyakanso, sdb ya dzulo ikhoza kukhala sdc lero. UUID imakhala mkati mwa file system yeniyeniyo, ndipo imasintha pokhapokha mwaifomatanso disikiyo kapena mwaisintha dala.

2. Sankhani foda, ndipo foda ikupatsani dzina la fayilo

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa koyamba. Dzina la unit simusankha nokha, limachokera ku njira ya fodayo. Mumachotsa `/` woyambirira, `/` aliyense wotsala mumamusandutsa `-`, kenako n'kuika `.mount` kumapeto. Motero /srv/zosunga imakhala `srv-zosunga.mount`, ndipo /mnt/ofesi/malipiro imakhala `mnt-ofesi-malipiro.mount`.

Nanga dzina la foda likakhala kale ndi `-`? Poti chizindikirocho chatengedwa kale kuimira `/`, systemd imachilemba ngati `\x2d`. Musalimbane nazo pamutu, ifunseni yokha:

```
systemd-escape -p --suffix=mount /srv/deta-yakale
```

Ikuyankhani kuti `srv-deta\x2dyakale.mount`. Dzina lotere muzilitsekera mu zizindikiro za `' '` nthawi zonse polilemba pa terminal, apo ayi shell imeza `\` uja ndipo systemd inena kuti unit yotero kulibe. Langizo langa ndi lakuti ngati foda mukuipanga lero, ipatseni dzina lopanda `-`. Mudzipulumutsa ku mutu wosafunika kwa zaka zonse zimene sevayo ikhale ikugwira ntchito.

Dzina likasemphana ndi foda, systemd ikana kuiwerenga fayiloyo, ndipo mu log mupeza mawu akuti `Where= setting doesn't match unit name`.

3. Lembani unit

Tsegulani fayilo yatsopano, /etc/systemd/system/srv-zosunga.mount, mulembemo izi, koma UUID muike yanu:

```
[Unit]
Description=Disiki ya mafayilo a ofesi

[Mount]
What=/dev/disk/by-uuid/3f6a1c2e-8b4d-4e7a-9c15-2d0b7e6f4a91
Where=/srv/zosunga
Type=ext4
Options=defaults,nofail

[Install]
WantedBy=multi-user.target
```

`What=` ndi disiki, `Where=` ndi foda, `Type=` ndi mtundu umene `lsblk -f` inakuonetsani. Pa `What=` ndalemba njira yonse ya /dev/disk/by-uuid/ chifukwa imeneyo imagwira pa systemd yakale ndi yatsopano yomwe. Foda ya pa `Where=` ikakhala kulibe, systemd iipanga yokha.

Liwu la `nofail` musalisiye. Popanda ilo, systemd imaika disikiyi m'gulu la zinthu zoyenera kutheka kompyuta isanapitirire kuyaka. Disiki ikakhala kuti yafa kapena chingwe chake chakhwepa, muona mzere woyamba ndi `A start job is running for` ukuwerenga mpaka mphindi imodzi ndi theka, masekondi 90, ndipo nthawi yonseyo ngakhale SSH, njira yolowera pa seva muli patali, sinadzuke. Ndi `nofail`, seva imayaka bwinobwino, inu n'kulowa kukafufuza vuto muli patali.

4. Iyeseni musanaikhazikitse

```
sudo systemctl daemon-reload
sudo systemctl start srv-zosunga.mount
findmnt /srv/zosunga
```

`daemon-reload` ndiyo imauza systemd kuti iwerengenso mafayilo ake. Mukasintha unit n'kuiwala lamulo limeneli, systemd ipitiriza kutsata zakale, inu n'kumadabwa kuti bwanji zimene mwakonza sizikuoneka. `findmnt` ikakuonetsani mzere wokhala ndi disiki yanu, zatheka. Ikangokhala chete, onani chifukwa chake:

```
systemctl status srv-zosunga.mount
journalctl -b -u srv-zosunga.mount
```

Zikayenda, ikhazikitseni kuti izichitika nthawi iliyonse seva ikayaka:

```
sudo systemctl enable srv-zosunga.mount
```

`start` ndi ya pompano, `enable` ndi ya mawa. Ambiri mwa amene amadandaula kuti foda yasowa zinthu magetsi atabwerera anachita `start` yokha, kapena anamaunta ndi lamulo la `mount` pamanja, zomwe sizikumbukika kompyuta ikazima.

Za umwini wa foda: `chown` muichite disiki ili yomauntidwa kale. Mukaichita isanamauntidwe, mwasintha foda yopanda kanthu ya pansi ija, ndipo disiki ikabwera pamwamba ibwera ndi umwini wakewake. Madisiki a exFAT kapena FAT32 sasunga umwini wa Linux, choncho kwa amenewo mumaulemba pa `Options=`, mwachitsanzo `uid=1000,gid=1000`.

5. Bwezeretsani fsck

Mzere wa mu fstab umathera ndi nambala, kawirikawiri 2, imene imauza systemd kuti iunike disikiyo ndi fsck, pulogalamu yofufuza ndi kukonza zolakwika pa disiki, isanaimaunte. Unit yolemba pamanja ilibe nambala imeneyo, ndiye kuunikako sikuchitika pokhapokha mutapempha. Kumalo kumene magetsi amathima mosachenjeza, seva ilibe UPS yodalirika, ichi si chinthu chochinyalanyaza. Pezani dzina la service younikayo (service ndi unit yoyendetsa pulogalamu) motere:

```
systemd-escape -p --template=systemd-fsck@.service /dev/disk/by-uuid/3f6a1c2e-8b4d-4e7a-9c15-2d0b7e6f4a91
```

Dzina lalitali limene lituluke, lodzaza ndi `\x2d`, mulikopere momwe liliri n'kuliika kawiri pansi pa `[Unit]`:

```
Requires=systemd-fsck@dev-disk-by\x2duuid-3f6a1c2e\x2d8b4d\x2d4e7a\x2d9c15\x2d2d0b7e6f4a91.service
After=systemd-fsck@dev-disk-by\x2duuid-3f6a1c2e\x2d8b4d\x2d4e7a\x2d9c15\x2d2d0b7e6f4a91.service
```

Mizere iwiriyi siinena chinthu chimodzi. `Requires=` ikuti "chimenechi chiyenera kuchitika", `After=` ikuti "ine ndidikire chithe kaye". Mukalemba yoyamba yokha, systemd iyambitsa zonse ziwiri nthawi imodzi.

6. Uzani systemd amene akudalira disikiyi

Ili ndiye gawo limene malangizo ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limatayitsa anthu mafayilo.

Taganizani zimene `nofail` yachita. Seva yayaka, disiki sinapezeke, systemd yapitirira. Samba nayo yadzuka monga mwa masiku onse. Samba siidziwa za madisiki, imangodziwa kuti inauzidwa kugawa /srv/zosunga, ndipo foda imeneyo ilipo, yopanda kanthu. Ili ngati mpope wosiyidwa wotsegula: suona ngati ndowa ilipo kapena yachotsedwa, madzi amangotuluka basi. Ngati foda ya pansiyo ili yololeza kulembamo, anthu a mu ofesi atsegula, adabwa kuti mafayilo akale kulibe, koma ntchito siidikira, ayamba kusunga zatsopano momwemo. Sikiripiti ya backup imene imathamanga usiku ngati root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa seva, siifunsa n'komwe, ikhuthula zonse mufodamo. Zonsezi zikupita pa disiki ya root.

Tsiku lotsatira inu mwakonza chingwe, disiki yamauntidwa, mafayilo akale abwerera, aliyense wasangalala. Pasanapite nthawi wina afuula kuti ntchito yake ya dzulo yasowa. Siinasowe. Ili pansi pa disiki, mufoda imene tsopano yaphimbidwa. N'chifukwa chakenso `df -h`, yoonetsa malo otsala pa disiki, imanena kuti root yadzaza pamene `du`, yowerengera kukula kwa mafoda, sikupeza chodzazacho: `du` ikafika pa /srv/zosunga imaona disiki ya pamwamba, za pansi siziona.

Ngati zakuchitikirani kale, mukhoza kusuzumira pansipo osachotsa disiki:

```
sudo mkdir /mnt/pansi
sudo mount --bind / /mnt/pansi
ls -la /mnt/pansi/srv/zosunga
```

Lamulo la `--bind` limaonetsa root yokha popanda madisiki amene amauntidwa pamwamba pake. Zimene mupeze mmenemo zikopereni ku disiki yeniyeni mosamala, poyang'anira mafayilo a dzina limodzi kuti latsopano lisafufutidwe ndi lakale, kenako muzichotse pansipo ndi kumaliza ndi `sudo umount /mnt/pansi`.

Tsopano kutseka khomo kuti zisachitikenso. Pali zotchinga ziwiri, ndipo ine ndimaika zonse.

Choyamba, mangani Samba ku disikiyo:

```
sudo systemctl edit smbd.service
```

Pa Fedora ndi Red Hat dzina lake ndi `smb.service`. Mu editor imene itseguke lembani:

```
[Unit]
RequiresMountsFor=/srv/zosunga
```

Mzere umodzi umenewu umaika `Requires=` ndi `After=` pa mount iliyonse yofunika kuti fodayo ifikike. Disiki ikalephera kumauntidwa, Samba siidzuka. Anthu aimba foni kuti netiweki yafa, ndipo zimenezo n'zabwino kuposa kuti azilemba pamalo olakwika tsiku lonse osadziwa. Dandaulo la m'mawa limakonzeka ndi chingwe chimodzi, pamene kusanthula mafayilo osakanikirana a anthu khumi kumadya sabata.

Gwiritsani ntchito `systemctl edit`, musakasinthe fayilo ya service imene ili pansi pa /usr/lib/systemd/system kapena /lib/systemd/system. Imeneyo ndi ya phukusi la Samba, ndipo update ikabwera idzafufuta zanu. `edit` imasunga zanu padera, mu /etc/systemd/system/smbd.service.d/override.conf. Chitani chimodzimodzi ndi service ina iliyonse yolemba pa disikiyo, kaya ndi database, Docker kapena service ya backup.

Ngati mukufuna kuti Samba iime ngakhale wina atachotsa disiki ndi `umount` seva ili mkati mogwira ntchito, onjezani `BindsTo=srv-zosunga.mount` pansi pa mzere uja. `Requires=` imatsatira pamene systemd yokha yaimitsa mount, koma siitsatira mount imene yachoka mwa njira ina.

Chotchinga chachiwiri ndi cha mapulogalamu amene systemd siiwayang'anira mwachindunji, monga sikiripiti ya cron, yothamanga yokha pa nthawi yoikika, kapena munthu amene walowa ndi SSH. Imitsani mount, muumitse foda yopanda kanthu ija kuti pasapezeke wolembamo:

```
sudo systemctl stop srv-zosunga.mount
sudo chattr +i /srv/zosunga
sudo systemctl start smbd.service
```

Foda yokhala ndi `+i` ngakhale root sangalembemo, amalandira `Operation not permitted`. Koma kumaunta disiki pamwamba pake kumathekabe, ndipo disiki ikakhalapo zonse zimalembeka bwinobwino. Chenjezo lake ndi limodzi: onetsetsani ndi `findmnt` kuti disiki yachokadi musanalembe `chattr`. Mukaichita ili yomauntidwa, muumitsa foda yapamwamba ya disiki yeniyeniyo, ndipo palibe amene adzathe kupangamo fayilo yatsopano mpaka mutabweza ndi `chattr -i`. Onaninso kuti lamulo lachitatu likudzutsa Samba, osati mount. Poimitsa mount Samba inaima nayo, ndipo poidzutsa ikoka mount yokha. Mukaona zimenezo zikuchitika, dziwani kuti chotchinga choyamba chagwira.

Mu sikiripiti ya backup, mzere uwu ukhale pamwamba penipeni, `rsync` isanayambe:

```
mountpoint -q /srv/zosunga || exit 1
```

7. Foda ya pa netiweki: gwiritsani ntchito automount

Ngati chimene mukumaunta chili pa kompyuta ina, monga NAS, bokosi losungira mafayilo pa netiweki, vuto limasintha. Magetsi akabwerera zonse zimayaka pamodzi, ndipo nthawi zambiri seva imatha kuyaka NAS isanakonzeke. Mount iyesa kamodzi, ilephera, ndipo siiyesanso yokha. Mankhwala ake ndi automount: systemd imadikirira pafodapo, n'kumaunta pokhapokha wina akaigwira koyamba.

Pafunika mafayilo awiri a dzina limodzi. Yoyamba, /etc/systemd/system/mnt-nas.mount, yopanda gawo la `[Install]`:

```
[Mount]
What=//192.168.1.20/zosunga
Where=/mnt/nas
Type=cifs
Options=credentials=/etc/nas.cred,uid=1000
TimeoutSec=30
```

Yachiwiri, /etc/systemd/system/mnt-nas.automount:

```
[Automount]
Where=/mnt/nas
TimeoutIdleSec=600

[Install]
WantedBy=multi-user.target
```

Kenako `sudo systemctl daemon-reload` ndi `sudo systemctl enable --now mnt-nas.automount`. Yoichita `enable` ndi automount yokha. `TimeoutIdleSec=600` ikutanthauza kuti pakadutsa mphindi 10 popanda woigwira, fodayo imasulidwa mpaka wina adzaifunenso.

Pa Debian ndi Ubuntu muyenera kuika phukusi la `cifs-utils`, kapena `nfs-common` ngati ndi NFS. Pasiwedi musailembe mu unit, chifukwa mafayilo a mu /etc/systemd/system amawerengeka ndi aliyense wolowa pa sevayo. Ilembeni mu /etc/nas.cred, mizere iwiri ya `username=` ndi `password=`, n'kuitseka ndi `chmod 600`. Mitundu ya cifs ndi nfs systemd imaizindikira yokha kuti ndi ya netiweki, ndipo imaidikiritsa mpaka `network-online.target`. Disiki ya iSCSI, ngakhale imafikidwa kudzera pa netiweki, imaoneka ngati ext4 wamba, ndiye imeneyo muiuze nokha polemba `_netdev` pa `Options=`.

Nanga fstab?

Wina afunsa kuti bwanji osangolemba mzere umodzi. Akunena zoona, ndipo buku la malangizo la systemd lenilenilo, limene mungaliwerenge ndi `man systemd.mount`, limati kwa munthu wolemba pamanja fstab ndiyo njira yoyamba kuiganizira. Masitepe 2, 3 ndi 5 onse akukwana mu mzere uwu:

```
UUID=3f6a1c2e-8b4d-4e7a-9c15-2d0b7e6f4a91 /srv/zosunga ext4 defaults,nofail,x-systemd.device-timeout=10s 0 2
```

Mukachita `daemon-reload`, lembani `systemctl cat srv-zosunga.mount` muone unit imene systemd yapanga yokha mu /run/systemd/generator. Imeneyo musaisinthe, imalembedwanso mwatsopano nthawi iliyonse. Ine unit yapamanja ndimaikonda pamene ndikukonza maseva angapo ofanana, poti kukopera fayilo imodzi n'kosavuta kuposa kusintha mzere mkati mwa fayilo imene mulinso mzere wa disiki ya root. Mu fstab, mzere wa disiki wopanda `nofail` ukalephera umagwetsera kompyuta yonse mu emergency mode, ndipo pamenepo pafunika munthu wokhala pa kiyibodi ya sevayo.

Zinthu ziwiri musamale. Musalembe foda imodzi m'malo onse awiri: unit ya mu /etc/systemd/system ndiyo imapambana, ndipo mnzanu wodzabwera pambuyo panu adzataya tsiku akusintha fstab osaona kusintha kulikonse. Chinanso, mawu ngati `x-systemd.device-timeout=` amagwira mu fstab mokha, mukawaika pa `Options=` ya unit amangonyalanyazidwa. Ndipo njira iliyonse imene mwasankha, sitepe 6 ikufunikabe yonse. `RequiresMountsFor=` siisankha kuti mount yachokera ku fstab kapena ku unit yanu.

8. Yesani tsiku loipa lisanafike

Sankhani nthawi imene anthu aweruka. Yatsaninso seva disiki ili m'malo mwake, muone ngati `findmnt /srv/zosunga` ndi `systemctl status smbd` zili bwino. Kenako zimitsani, zulani chingwe cha disiki yachiwiri, muyatsenso. Muyembekezere zinthu zitatu: SSH ikulolani kulowa osachedwa, `sudo touch /srv/zosunga/yesero` ikanidwa, ndipo masekondi 90 odikira disiki akatha (10 ngati mwatsata mzere wa fstab uja), `journalctl -b -u smbd` ionetsa mzere woyamba ndi `Dependency failed for`. Chimodzi mwa zitatuzi chikapanda kuchitika, bwererani ku sitepe yake: kuchedwa kwa SSH ndi `nofail` ya pa sitepe 3, `touch` yololedwa ndi `chattr`, ndipo Samba yodzuka popanda disiki ndi override.conf imene sinasungidwe, zomwe `systemctl cat smbd.service` ikuonetsani. Mukakhutira, zimitsani seva, bwezerani chingwe, muyatse, ndipo mutsegule fodayo kuchokera pa kompyuta ya mu ofesi musanatseke chitseko.